Kaloboti kotumikira apongozi

Amayi anga atagwa kumunda ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndinakawatenga kumudzi kuti adzakhale nafe ku Mbedza. Adokotala ananenetsa kuti mankhwala azimwa masana aliwonse, atadya kaye, osadumphitsa. Kumudziko ankakhala okha, ndipo ndinkadziwa kuti akangobwerera, mapilitsi akathera pansi pa mphasa. Ndinkaopa, ndisaname. Foni ikalira mtima unkangoti phwii.

Vuto linali amuna anga. Osati kuti ndi oipa ayi, ndi munthu wofatsa, mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sapatsana chinthu pamanja, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi n'zosavuta, tchire lilipo. Nanga m'nyumba ya zipinda ziwiri upatukira kuti? Tsiku lina ndinawapeza aphunzitsi athunthu ataima kuseri kwa firiji, akudikira kuti amayi adutse.

Ine ndinkagwira ntchito kunyumba ya alendo pamwamba pa phiri, kukwera m'mawa, kutsika madzulo. Wobwera kunyumba masana anali iwowo. Ankasiya chakudya ndi mankhwala patebulo n'kukatsokomola panja ngati chizindikiro. Amayi, pochita manyazi, osatuluka. Ndikafika ndinkapeza zonse zili pomwepo, zitazizira.

"Mwanawe, ndibweze kwathu," anatero amayi. "Ndikumuzunza mwana wa eni m'nyumba mwake momwe."

Nditawafotokozera amuna anga, anangoti, "Mayi a mwana, ndipatseni sabata." Ndinaganiza kuti akufuna kukapempha nzeru kwa akuluakulu a mpingo. Kalanga ine! Anabwera ndi jumbo ya mawaya.

Kabokosi kanga konyamulira chakudya anakaboola. Galimoto ya chidole ya mwana wathu anaichotsa mateyala, mwana n'kulira tsiku lonse. Kenako anamata tepi yakuda pansi, kuchokera kukhitchini, kudutsa pabalaza, mpaka pambali pa bedi la amayi. Gawo la kuchipindako ndinamata ndine, iwo akulamula ali pakhomo.

"Aka ndi kaloboti," anatero monyadira. "Kali ndi timaso tiwiri kunsi. Diso lakumanzere likaona chakuda, kakhotera kumanzere. Lakumanja likaona, kumanja. Kakapeza chinthu kutsogolo, kaima."

Amayi anafunsa ali kuchipinda, kudzera mwa ine monga mwa mwambo. "Uwafunse amuna akowo, kali ndi nzeru?"

"Muwauze amayi kuti ayi, kamangotsata malamulo omwe ndakalembera. Alipo makina ena a nzeru zochita kupanga. Amenewo sumawalembera lamulo lililonse, umangowaonetsa zithunzi zambirimbiri, uyu ndi galu, uyu ndi mbuzi, mpaka amayamba kuzindikira okha. Koma aka ayi."

"Kongomvera, kosafunsa, kosayang'ana kumwamba," anatero amayi. "Uwauze kuti adzibala okha."

Ndinaseka mpaka misozi. Uthengawo sindinaufikitse, koma khoma la nyumba yathu n'lopyapyala.

Ulendo woyamba kananyamuka bwinobwino, kambale ndi kapu pamsana, kakulira ngati udzudzu. Pabalaza kanaona chingwe chakuda cha wailesi, basi n'kusiya tepi, n'kukapereka mankhwala a amayi kwa wailesi. Tsiku lina mphaka anagona pamzere, ndipo kaloboti kanaima mwaulemu kudikira kuti bwana adzuke. Nyengo ya chiperoni, nkhungu itatsika kuphiri m'nyumba n'kuchita mdima, timaso tija tinkaona paliponse pakuda, kenaka kankangozungulira pamalo amodzi ngati kaledzera. Aphunzitsi anakamangirira tochi.

Koma tinene zoona, kankafika. Amayi anayamba kumwa mankhwala, n'kumakapatsa moni, n'kumabweza kambale ataikamo mtedza wokazinga. Ine mtima unakhala pansi.

Unakhala pansi msanga. Loweruka lina ndikuwapesa tsitsi, amayi anati, "Mwezi ukatha ndikupita. Iwe kuphiri, mdzukulu kusukulu. Ine tsiku lonse pakamwa pamachita kununkha, wondilankhula ndi kabokosi. Kumudzi ngakhale wokuba nkhuku amakufunsa kuti mwadzuka bwanji."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsera amuna anga. "Inu ndi mawaya anuwo! Mukuona ngati munthu ndi wailesi?" Anangotenga kaloboti n'kumakapukuta timaso, ine n'kumva chisoni chifukwa anali atayesetsa.

Lolemba ndinatsika kuphiri msanga, nditagulako masitiroberi pamsewu kuti mwina ndiwanyengerere amayi. Nditalowa ndinaona tepi ya kuchipinda yamatulidwa, yapombedwa bwinobwino n'kuikidwa pampando. Kaloboti kanali kataima pomwe mzere unathera, kambale kali pamsana. Ndinati basi, amayi alongedza.

Kenako ndinamva mawu a amayi. Sankalankhula ndi ine, sanadziwe n'komwe kuti ndafika.

"Aphunzitsi, kamtumiki kanu kasochera. Bweretsani nokha."

Amuna anga anatulukira kukhitchini thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira chonchija. Anandiyang'ana ngati ndiwapulumutse. Ine ndinayang'ana kudenga. Ananyamula kambale ndi kapu, nalowa chammbali ngati nkhanu, maso ali pansi, nagwada patali kwambiri moti mkono sunafike.

"Senderani. Ndilibe mano, sindiluma."

Anasendera. Madzi theka anatayikira pamphasa. Amayi analandira kapu m'manja mwawo, nameza pilitsi, n'kunena kuti, "Mwana wanga wamwamuna ndinamuika m'manda ali wamng'ono. Kuyambira lero musamanditsokomolere panja. Khalani apo, mundiuze, anakulerani ndani kuti mukhale wofatsa chonchi?"

Ndinabwerera panja mwakachetechete, n'kukhala pakhonde ndi masitiroberi anga, ndikulira ngati mwana. M'katimo aphunzitsi anali atayamba kuyankha, ndipo nkhani ya kumudzi amayi sanaitchulenso.