Rekodi ya A Konsekonse

Bambo a kwathu kuno anagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata mpaka kupuma. Bwana wawo wachizungu akubwerera kwawo, anawagulitsa wailesi yoimbira marekodi, ija ya singano, pamodzi ndi katoni ya timarekodi ting'onoting'ono, ta nyimbo imodzi mbali ino, ina kuseri. Pa rekodi iliyonse analemba A mbali imodzi, B mbali inayo, ndiye munthu suvutika, umayamba ndi A. Koma imene ankaikonda kwambiri, ya gulu la anyamata achizungu atsitsi lofika m'mapewa, oimba ndi magitala olira ngati makina ochekera matabwa, inalembedwa A konsekonse. Iwo ankati oimbawo anakanganirana, aliyense kufuna kuti yake ikhale patsogolo, mpaka anangozisiya zonse ziwiri zikhale zoyamba. Ine ndinkangoti, "Zanu zimenezo." Nyimbo zanga ndi za m'buku la kutchalitchi.

Sitiroko inawagwira ali pakhonde, kuno ku Ndirande. Ndikuthokoza Mulungu kuti miyendo inabwerera, ndipo mkono unayamba kugwira kapu. Chimene sichinabwerere ndi mutu. Dzuwa likapendeka ankasowa mtendere, kuyendayenda m'nyumba, kugwiragwira chitseko. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo n'kunena kuti, "Pepani mayi, mwamuonako mkazi wanga?" Ndinakalowa kuchipinda n'kugwada, koma pemphero linakana kutuluka.

Kenako anatuluka ine ndili kumpopi. Tinawapeza pa mlatho wa Nasolo atagwira chitsulo, maminibasi akuwadutsa pafupi penipeni. Nkhani inafika ku Mulanje, kwa mlongo wawo wamkulu. Alamu angawo anaimba foni.

"Alamu, munthu wakukanikani. Tibwera tidzamutenge, kuno kuli anthu odziwa zoterezi."

"Akumwa mankhwala a kuchipatala, alamu."

"Munthu amaiwala mkazi wake yekha popanda chifukwa? Ife timve bwanji?"

Ndinamva chimene ankatanthauza. Ankati ndinawadyetsa kanthu. Ndipo ndinadziwa kuti akakwera galimoto imeneyo, kwawo ine ndilibeko mawu. Akawatemera mphini, mapiritsi akatayidwa kudzala, ine n'kudzaitanidwa tsiku la maliro.

Nesi wina wachifundo kuchipatala ndi amene anatiuza kuti tiziwaikira zimene ankakonda kumva kale. Mwana wanga wamkazi, amene amasoka ku Limbe, ananyamula wailesi ija kupita nayo kwa wokonza mumsika, inabwera ikuzungulira. Tinatulutsa rekodi yawo ija, m'mphepete mwa chikwama chake mutatha ndi zala zawo.

"Amama, tiyambe mbali iti? Konse ndi A."

"Ika iliyonse, mwana wanga, zonse ndi phokoso."

Anaika. Inali yodekha, ya gitala imodzi ndi mawu okoka. Bambo anatukula mutu, milomo ikutsatira. Ndinati Ambuye mwatimva. Koma itangotha anadzuka, anatenga chipewa pa msomali, n'kulunjika kuchitseko ndi mphamvu imene sindinaione chidwalireni. Tinawagwira awiri. Anandikankha, ndinagwera pa mpando, ndipo anandiyang'ana ndi maso a munthu amene watsekeredwa ndi akuba. Tsiku limenelo sanadye.

Ndinachita mantha ndi karekodi kaja moti ndinakabisa pansi pa zovala. Koma Loweruka lake ndikuchapa panja, manja ali m'thovu, ndinapeza ndikung'ung'udza nyimbo inayo, yothamanga, ya ng'oma zambiri. Ndinaima. Kale lonse iwo ankaimba marekodi Loweruka masana ine ndikuchapa pansi pa windo. Yothamangayo inkandipeza ndikupikicha makolala a malaya awo. Yodekhayo inkabwera ndikuyanika, ndipo ikatha ndinkamva chivundikiro cha wailesi chikutsekedwa, iwo uyo, ulendo wa ku bawo. Kwa iwo inali nyimbo yotsekera. Ife tinayamba ndi yotulukira.

Kuyambira pamenepo ndinkaika yothamangayo yokha, kenako marekodi ena a A ndi B, osatembenuza ija. Ankakhala pansi, chala chikugunda pa bondo, mpaka nthawi yovutayo idutse. Sanandidziwebe, koma anasiya chitseko. Ine amene ndinkati ndi nyimbo zachikunja ndinayamba kupempherera magetsi kuti asazime dzuwa likamapendeka.

Alamu anafika ndi galimoto yahayala, dalaivala n'kutsala panja injini yozimitsa. Anakana tiyi. Anakhala moyang'anana ndi mchimwene wawo n'kumawafunsa kuti, "Achimwene, ndine ndani ine?" Bambo anangomwetulira. Nthawi ija inali itayandikira, ndinaona zala zawo zayamba kufufuza m'mphepete mwa mpando. Ndinaika singano pa yothamangayo.

"Ndiye mankhwala anu ndi amenewa?" anatero alamu. "Disiko m'nyumba ya mayi wa chigwirizano?"

"Zimawakhazika pansi, alamu. Taonani nokha."

Anaonadi. Bambo anatsamira, chala chikugunda. Ndinaona kuti alamu nawonso maso awo anali ofiira. Ndi mlongo wawo, anakulira limodzi. Ndinapita kukhitchini kukatenga madzi a mapiritsi. Ndili komweko ndinamva gitala imodzi ija ikuyamba. Alamu anali atatembenuza rekodi.

Kapu inandipulumuka. Ndinathamanga, koma kuchotsa singano pakati pa nyimbo ndinaopa, sindinadziwe chimene angachite.

"Bwanji alamu? Kuseri kulinso A, si chimodzimodzi?" anafunsa mlongo wawoyo.

Ndinaima pafupi ndi kabati n'kumanena mumtima kuti Yesu, Yesu, palibenso mawu ena. Nyimboyo ndi yaifupi koma tsiku limenelo inatalika. Itatha, bambo anadzuka. Anatseka chivundikiro bwinobwino, anatenga chipewa. Chitseko chinali chotsegula, galimoto ili pomwepo pamaso.

"Mwaona?" anatero alamu akunyamula chikwama chawo. "Akufuna kwawo munthuyu. Tiyeni achimwene, tiyeni kumudzi."

Anawagwira mkono. Bambo anayenda nawo mpaka pakhomo. Ine ndinatsala pa kabati paja. Pakhomopo anaima, anachotsa dzanja la alamu mofatsa, n'kusuzumira panja, cha pansi pa windo. Panalibe munthu. Anatembenuka, maso awo anayenda m'nyumba monse mpaka anandipeza.

"Mayi a mwana, muli muno? Ndafika pa bawo apa. Musatseke chitseko."

Mawu anatuluka okhota, a lilime lolemera, koma tonse tinawamva. Ndinati, "Chabwino bambo, koma ndikuperekezani." Anati, "Azimayi pa bawo?" n'kuseka pang'ono. Koma sanakane nditawagwira dzanja. Galimoto anaidutsa osaiyang'ana.

Malo a bawo aja anamangapo saluni, anzawo ambiri anatsogola. Tinangozungulira, kudutsa pa ogulitsa makala, n'kubwerera. Pofika pakhomo anali atayambanso kunditchula kuti mayi, mwaulemu uja wa mlendo. Alamu tinawapeza atakhala pa khonde, nsapato atavula. Anapempha tiyi uja.

Anapita okha. Pokwera anati, "Tionanso tikakolola, alamu," ndipo sindinadziwe ngati kunali kutsanzika kapena kundichenjeza. Foni ikalira nambala ya ku Mulanje mtima umandigundabe. Koma bambo ali muno, mapiritsi akumwa, ndipo ndimathokoza Mulungu pa tsiku lililonse limene wandibwereka. Masiku ano rekodi ija ndimaitembenuza ndekha, Loweruka, ndikavala kale nsapato ndi kumanga chitenje. Masiku ena amandiuza za chitseko. Masiku ambiri amangotuluka, ine pambali pawo, mbali ya kumsewu.