Sitandi ya Kamera ya Ababa

Loweruka lachiwiri la mwezi wa Julaye, chaka chomwe ndinali Fomu 2, ndinkachapa yunifolomu kuseri kwa nyumba yathu ku Ndirande pamene ababa anandiitana kuti ndiwaperekeze kumsika. Tsikulo ndimalidziwa bwino chifukwa ndinalilemba m'kope momwe ndinkasungamo zinthu zimene pakamwa panga pankakana kunena.

Ababa anali wojambula zithunzi. Anachoka ku Nsanje kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata, ndipo ntchitoyo itatha anagula kamera ya filimu n'kumayenda nayo m'maukwati. Kutchalitchi kwathu ndiwo ankajambula ana olandira Ukaristia koyamba chaka chilichonse. Koma chaka chimenecho abambo mfumu analengeza kuti ojambula asamafikenso kuguwa, aziima kumbuyo, pakhomo, chifukwa ankasokoneza Misa. Ababa anapeza lenzi yaitali ngati mkono wanga, yokokera pafupi nkhope za anthu ali kutali.

Zithunzi zoyamba za lenziyo zitachoka kotsukitsa, nkhope zonse zinali ziwiriziwiri. Mayi wina anabweza chithunzi cha mwana wake. "Wanga alibe maso anayi," anatero, n'kuchisiya pakhonde. Ababa anati lenziyo ndi yolemera, ikufuna sitandi ya miyendo itatu. Ine ndinali nditaona kale mmene tiyi ankagwedezekera m'kapu mwawo m'mawa uliwonse, koma sindinauze munthu, ngakhale amayi. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti ana alandire Ukaristia. Zithunzi zikanaipanso, makolo akanaitana wojambula wina, ndipo ababa sakanaitanidwanso.

Kumsika, kumbali ya ogulitsa zitsulo zakale, bambo wina wa chipewa cha ulusi anali ndi masitandi awiri. Ina inali yasiliva, yonyezimira, ya miyendo yowonda ngati bango. Inayo inali yakale, ya matabwa ndi chitsulo, utoto utasupuka. Anati inachokera ku situdiyo ina yomwe inatsekedwa ku Limbe.

"Tengani yasilivayi, madala," anatero wogulitsayo. "Ya ku Joni imeneyi. Chemwaliwa atha kuinyamula ndi chala chimodzi."

Ndinaikonda pomwepo. Ndinkadziwa kuti wonyamula adzakhala ine, ndipo ndinkachita manyazi kuganiza zodutsa pasiteji ya minibasi nditasenza matabwa ngati wogulitsa nkhuni, anzanga a kusukulu akundiona. Ndinanong'oneza kuti, "Ababa, yomweyi ndi yabwino."

Ababa anawerama. Anatola chitsekero cha botolo pansi, anapempha madzi, n'kuthira mpaka m'milomo. Kamera anaimangirira pa sitandi yasiliva ija, chitsekero n'kuchikhazika pamwamba pake.

"Tidikire minibasi," anatero.

Sinachedwe. Itangodutsa pamsewu, madzi ananjenjemera, dontho n'kutsetsereka pakamera. Ababa anapukuta ndi mpango msangamsanga.

"Ndi msewu umenewo, madala, si sitandi," anatero wogulitsa uja.

"M'tchalitchi mulinso msewu," anayankha ababa. "Ana a kwaya akayamba kuponda pansi, mudzabwera kudzandigwirira inu?"

Wogulitsayo anaseka, n'kutulutsa yamatabwa ija. Ababa anatambasula miyendo ya sitandiyo, anaiponda kuti ilowe m'dothi, anamanga zomangira zonse chimodzi ndi chimodzi. Ndodo yapakati anakana kuikweza. Anandiuza kuti sitandi ikatalika khosi ndi pomwe imagwedezeka. Anasamutsira kamera ndi chitsekero cha madzi chija pa sitandiyo, kenako anaika mwala m'chikwama cha kamera n'kuchipachika pansi, pakati pa miyendo itatu ija. Minibasi ziwiri zinadutsa. Kamphepo ka chiperoni kanabwera kuchokera kuphiri. Madzi anangokhala duu.

"Tadumphani, mayi," anandiuza. Ankanditchula choncho akakhala osangalala.

Ndinadumpha pang'ono, maso ali pansi. Madzi sanasunthe.

Ababa anawerama n'kuloza lenzi kumiyala ya pamwamba pa phiri la Ndirande. Anayang'ana nthawi yaitali, akupotoza pang'onopang'ono. Kenako anaika chala pabatani lojambulira. Madzi aja anayamba kunjenjemera. Pamsewu panalibe galimoto, mphepo inali italeka. Anachotsa dzanja, madzi anakhala bata. Analibwezanso, ndipo ananjenjemeranso mpaka kutayikira.

Tonse atatu tinaona. Wogulitsa uja, amene pakamwa pake sipanatsekeke chifikireni chathu, anayang'ana kumbali n'kukonza chipewa chake.

"Ndi kuzizira, madala," anatero motsitsa mawu. "Julaye ameneyu."

"Eya, ndi kuzizira," anatero ababa.

Anapita pambali ndi wogulitsa uja kukamalizana za mtengo. Ndinatsala ndekha ndi kamera. Ndinali ndisanaigwirepo, chifukwa kunyumba inkakhala pamwamba pa kabati, yokulungidwa m'thaulo. Ndinathiranso madzi m'chitsekero muja, n'kuika chala changa pabatani, osadina. Ndinawerenga mpaka khumi mumtima. Madzi sanagwedezeke.

Pobwerera ndinasenza sitandi yamatabwayo paphewa. Inali yolemera, chitsulo chake chinkandidya pakhosi, ndipo pasiteji kondakitala wina anandifunsa ngati ndikukamanga khola. Manyazi aja sanabwere. Ndinkangoyang'ana ababa patsogolo panga, manja onse awiri ali m'matumba a jekete.

Kunyumba anauza amayi kuti apeza sitandi yolimba, vuto latha. Amayi anathokoza Mulungu. Ine ndinakamaliza kuchapa yunifolomu ija, ndinaiyanika, n'kukhala pamwala ndi kope langa dzuwa lisanalowe. Ndinalemba zonse, kenako m'munsi ndinawonjeza izi: mawa tikatuluka Misa ndidzawauza ababa kuti ndikufuna kuphunzira kujambula. Iwo aziyang'ana ndi kuwongola lenzi, ine ndizidina batani akanena kuti "tsopano". Za manja awo sindidzatchula.