A Kerketta, Dzanja la Osaona

A Silvanus Kerketta alemba mayeso a ku yunivesite kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma digiri alibe. Alembapo mayeso a zamalamulo, a makompyuta, a ndakatulo, ndi zimangirizo zazitali zosanthula maganizo a anthu ena. Dzina lawo silinakhalepo pamwamba pa pepala ngakhale limodzi.

Ntchito imene amadyera ndi yosoka mabuku. Ali ndi kashopu pafupi ndi geti la yunivesite mu mzinda wa Ranchi, moyandikana ndi makina a fotokope a mkulu wina waphokoso, Badruddin. Ophunzira amabwera ndi milu ya manotsi, iwo n'kuboola, kusoka ndi ulusi, kumata chikuto. Zimene amasokazo amaziwerenganso, poti guluu sachedwa kupaka koma amachedwa kuuma.

Nyengo ya mayeso ikafika amatseka kashopuko, n'kukakhala dzanja la ophunzira osaona. Wophunzira amayankhula, iwo amalemba. Lamulo la payunivesitepo limati wolembera mnzake akhale wotsika maphunziro kuposa womulemberayo, kuopa kuti angamamunong'oneze mayankho. A Kerketta analekeza chaka choyamba cha koleji bambo awo atamwalira, motero amaloledwa pafupifupi m'chipinda chilichonse. Kawiri konse wansembe wa parishi yawo anawapezera malo oti apitirize sukulu. Anathokoza, nati akaganize kaye, ndipo akuganizabe mpaka lero. Ena amati kumeneko n'kudzipereka. Akazi awo amati ndi ulesi wovala jekete. Mwina onse ali ndi mbali yawo ya choonadi.

"Apulofesa opanda pepala!" amafuula motero Badruddin akawaona akukiya chitseko m'mawa. "Lero ndinu loya kapena injiniya?"

"Lero ndine bolopeni, achimwene. Mundisungire ulusi wangawo, makoswe anu angadye."

Chaka chathachi anali kulembera mtsikana wina, Nilima Mahto, wa chaka chomaliza cha zamalamulo. Maso ake anafa ndi chikuku ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma pakamwa pake panali pamoyo. Ankaphunzira pomvetsera foni imene inkamuwerengera manotsi, ndipo a Kerketta ankawatchula kuti amalume. Loya wina wamkulu wa mumzindamo anali atamulonjeza malo mu ofesi yake, malinga akhoze chaka chomwecho, popeza ofuna mpandowo analipo ambiri. Kunatsala pepala limodzi, la malamulo a umboni.

Anawaika m'kachipinda kaokha, kotentha ngati uvuni. Mafunso atatu oyamba anayenda bwino. Nilima ankayankhula mofulumira, akugogoda tebulo ndi chala.

"Fulumirani amalume, mukulemba kalata ya chibwenzi kodi?"

"Nena, mwana iwe, dzanja lili pambuyo pako."

Funso lachinayi, la malikisi ambiri kuposa onse, linali nkhani ya mlandu yoti wophunzira aisanthule n'kuweruza. A Kerketta anawerenga funsolo kawiri. Nilima anayamba kuyankha. Pa chiganizo chachiwiri chabe, a Kerketta anaona kuti zalakwika. Mtsikanayo ankamanga yankho lonse pa lamulo lakale, lomwe linali litasinthidwa. Manotsi a mufoni mwake anawatenga kwa mnzake amene anamaliza kalekale. A Kerketta ankadziwa bwino lomwe, chifukwa mwezi womwewo anali atasoka mabuku makumi anayi a lamulo latsopanolo, ndipo tsamba lake ankaliona m'mutu.

Mayi woyang'anira mayeso anali pawindo, akucheza ndi mesenjala amene anali panja. Liwu limodzi likanakwana. Ngakhale kungoimitsa bolopeni kukanakwana, pakuti Nilima ankamva kukanda kwake papepala monga ena aonera nkhope ya munthu, ndipo akanafunsa chimene chavuta. A Kerketta sanaimitse. Analemba masamba awiri ndi theka, zilembo zoongoka ngati zonse, thukuta likutsikira m'khosi.

"Ndiwerengereni yankho limenelo," anatero Nilima.

Anamuwerengera ndi mawu omwe aja amawerengera chilichonse, osakweza pena, osachedwa pena.

"Zikumveka, eti amalume?"

"Ndalemba zonse zimene wanena."

Nkhani inaululika panja, pansi pa mtengo wa mango pamene Nilima ndi anzake ankafunsana mayankho. Pasanathe ola, ndodo yake yoyera inamveka ikugogoda sitepe ya kashopu.

"Amalume, mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Mumadziwa, n'kumalemba basi? Masamba awiri ndi theka? Ngakhale kutsokomola kokha, amalume! Munthu wamkulu ngati inu chifuwa chingakusoweni?"

"Ine ndikanayetsemula mpaka denga kusasuka," anaponyapo Badruddin ali kuseri kwa makina ake.

"Inu khalani chete, sindikuyankhula ndi inu!"

A Kerketta anangoti, "Pepalalo linali lako, mwana wanga." Nilima anatembenuka n'kumapita, ndodo ikumenya pansi mwaukali.

Tsiku limenelo a Kerketta sanadye nkhomaliro. Kunyumba akazi awo atamva anati mwamuna wawo ali ndi mwala m'malo mwa mtima, ndipo iwo sanatsutse. Sanali otsimikiza kuti anachita bwino. Chimene ankadziwa n'chakuti m'zaka zonsezo anali asanaikepo liwu lawo m'pepala la munthu, ndipo sankadziwa kuti akayamba adzalekezera pati.

Zotsatira zitatuluka, Nilima analephera pepalalo ndi malikisi anayi. Mpando wa kwa loya uja anapatsidwa wina. Kwa miyezi iwiri mtsikanayo ankadutsa tsidya lina la msewu, ndipo a Kerketta ankaweramira pa singano yawo mpaka atapitirira. Ophunzira awiri osaona amene anali atawapempha kale anapeza owalembera ena, a chifuwa chapafupi.

Mvula itayamba, tsiku lina masana, Nilima anaima pakhomo pa kashopu, ambulera ikudontha.

"Mulipo, amalume, kapena ndikuyankhula ndi guluu?"

"Ndilipo. Lowa, ukunyowa."

Sanalowe. Anati mayeso obwereza ali mwezi wa mawa, ndipo akufuna munthu womulembera.

"Alipo ambiri achifundo kuposa ine," anatero a Kerketta.

"Ndawayesa m'mutu onsewo. Mukudziwa zimene anthu amanena tikadutsa, ife osaonafe? Amati timakhoza ndi mitu ya otilembera. Ndazimva kuyambira ku sekondale, pena aphunzitsi amene akunong'onezana, ngati kuti makutu anafera limodzi ndi maso. Tsopano yunivesite yonse ikudziwa kuti munandionerera ndikugwa m'dzenje inu mukulemba mwaluso. Ndikakhoza ndi dzanja lanu, ndione amene adzatsegule pakamwa."

"Nanga ukadzalakwanso?"

"Mudzalembe cholakwacho. Koma musaganize kuti ndakukhululukirani. Mpando wanga uja akukhalira munthu wosadziwa ngakhale kupanga tiyi."

"Ameneyo ndiye loya weniweni," anatero Badruddin.

A Kerketta anapukuta manja pa nsanza, natsegula kabuku kawo ka masiku. Anafunsa tsiku ndi ola, Nilima ananena, iwo analemba.