Dzenje la pakhonde ku Chinsapo

Mwamuna wangayu kale ankalemba zikwangwani: "Pano timameta", "Mandasi otentha", zoterozo. Koma mutu wake, eee, unali wina. Anzake atayamba kale ma CD, iye anali ndi kaseti imodzi ya nyimbo zopanda mawu. Akaiika m'wailesi ankatsinzina n'kumati akuona nyimbo. Kuona, osati kumva ayi! Besi ankati ndi yakuda, gitala ndi woyera.

Tili pachibwenzi anatenga penti n'kujambula nyimboyo pakhonde la nyumba yake ku Chinsapo. Timabokosi takuda ndi toyera, tikuluutikulu m'mphepete, tikunka ticheperachepera chapakati. Ukamachokera kumsewu unkaona dzenje lakuya pakhomo penipeni. Simenti yosalala bwinobwino, koma maso ankakana. Oledzera ankalilambalala, nkhuku zinkaima n'kupendeketsa mutu. Ndisaname, ine ndinamukondera dzenjelo munthuyu. Nkhope yokha sakanandipeza.

Ndiye linafika tsiku loti amalume anga, mkulu wa mpingo ku Area 25, adzaone pakhomo pa mkamwini. Iwo akanakana, ukwati panalibe, chifukwa bambo anali atamwalira ndipo mayi sankatsutsa mlongo wawo. Ndinamupempha mnzanga wa zikwangwaniyo kuti ayale mkeka padzenjepo. Anakana, amvekere, "Adziwe amene akumupatsa mwana."

Amalume anatulukira atavala suti, Baibulo kukhwapa. Ataona dzenje anaima. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, kuthamanga, n'kulumpha. Munthu wa imvi zake! Chipumi chinakagunda chitseko, thalauzi kumbuyo kwee! Ine ndinaluma chitenje, koma phwete linatulukira m'mphuno.

Atadzuka anagwada n'kupapasa simenti ndi chikhato. Pansi panali see.

"Bambo, ichi n'chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndi nyimbo, amalume."

"Nyimbo? Nambala chani m'buku?" Anadzisasa fumbi, dzanja lina litagwira pong'ambika. "Zausataniki izi. Mwana wa mlongo wanga salowa m'nyumba yokumbidwa manda pakhomo. Musankhe nokha."

Mnzangayo anandiyang'ana. Ankadikira kuti ndinenepo kanthu, ine amene ndinkabwera ndi anzanga kudzawaonetsa dzenjelo monyadira. Ndinkaufuna ukwati, ndipo amalume ndinkawaopa. Ndinayang'ana zala za kumapazi.

Masana omwewo mnzangayo anagula penti yofiira. Sanakwiye. Anapaka kawiri, khonde n'kufanana ndi makonde onse a m'Chinsapo. Amalume anakaimirira paukwati ndi thalauzi latsopano, akuvina kuposa akwati.

Tinakhalitsa m'nyumba imeneyo, ine m'mawa uliwonse ndikupaka polishi pamwamba pa dzenje langa. Zinkandiwawa, koma ndikanadandaulira ndani? Tsiku lina kaseti ija ikulira, ndinaona kuti mwamuna wanga akumvera maso ali gwa, akusenda chinangwa. Ndinamufunsa mwanthabwala kuti besi lero ndi yamtundu wanji.

Sanadzutse n'komwe mutu. "Besi ndi besi, mayi."