Ulusi wa Juzi ya Sukulu

Anandichotsa sukulu kutatsala miyezi iwiri kuti tilembe mayeso a Sitandade 8. Sizinatenge nthawi. Ndinasanza pamzere masiku awiri otsatizana, aphunzitsi aakazi anandilowetsa m'kachipinda kosungira mabuku n'kundigwiragwira pamimba, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali panjira ndi chikwama changa. Anandifunsa dzina la mnyamatayo, ine sindinatchule. Musaganize kuti chinali chikondi. Ndinangodziwa kuti akamuchotsa iyenso, mayi ake abwera kudzalalata pakhomo pathu, ndipo ine phokoso ndimadana nalo. Iye analemba mayeso ake. Za iye zithere pomwepa.

Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi amayi. Bambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ankabwera kamodzi pachaka. Amayi atamva nkhaniyo sanandimenye. Anangoyang'ana juzi ya sukulu imene ndinavala, yobiriwira, imene anandigulira ku Lizulu atagulitsa kachewere, n'kunena kuti, "Vula, ungaidetse." Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'bokosi, ngati kuti Lolemba ndibwerera kusukulu.

Inali nthawi yozizira. Kwathu kuno kumapiri chisanu chimalowa mpaka m'mano. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi nseru. Fungo la sopo linkandisanzitsa, la usipa linkandithamangitsa m'nyumba. Nseru ikatha ndinkapita kuchitsime, kenako n'kukhala pansi kusankha kachewere, wamkulu uku, wambewu uku, wowola kudzala. Anzanga ankadutsa pamsewu atavala yunifolomu. Ena ankandipatsa moni, ena ankayang'ana kumapiri ngati ayamba kuwaona tsiku lomwelo.

Sindinama kuti zonse zinali zowawa. Ndinali ndi tinthu tanga. Dothi la pachulu cha kuseri kwa khola, louma, lophwanyika pakamwa ngati bisiketi. Mandimu othira mchere. Nkhunda za bambo, zimene zinandizolowera mpaka kumatola mapira m'manja mwanga. Ndiponso khoma la kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa limafika mochedwa koma mphepo siifikapo. Pamenepo ndinkakhala ndekha, miyendo nditatambasula, popanda wondifunsa kuti tsopano uganiza zotani.

Koma manja anga sapirira kukhala chabe. Kuluka ndinaphunzira kwa asisitere ena okalamba a ku Nzama, amene ankaphunzitsa atsikana Loweruka, ndipo pa zonse zimene ndinaphunzirapo m'moyo, ndicho chimene palibe anandiposa. Zolukira ndinalibe. Ndinazula masipoko awiri panjinga yakufa ya bambo imene inali pakhonde, n'kuwanola pamwala mpaka nsonga zinasalala. Ulusi ndinalibenso. Tsiku lina amayi atapita kukayeserera nyimbo za chipani, monga ankachitira Lachitatu lililonse, ndinatsegula bokosi n'kutulutsa juzi ija.

Ndinadula ulusi pakhosi n'kuyamba kukoka. Juzi ikamaphwasuka imalira pang'onopang'ono, thethethe, mzere ndi mzere. Ndinkamva kukoma. Sukulu yonse, aphunzitsi aja, kachipinda kaja, zonse ndinkazikulunga pachala. Ulusi unatuluka wopotanapotana, ndiye ndinauviika m'madzi ofunda n'kuuyanika kuti uwongoke.

Amayi pobwera anapeza mipukutu inayi pamphasa.

"Juzi ili kuti?"

"Ndi imeneyi."

Anayang'ana mipukutuyo, kenako anati, "Ndimati mwina chaka chamawa akulola."

"Salola, amayi. Mukudziwa."

Anavula nsalu yawo ya chipani n'kupita kukasonkha moto.

Ndinayamba ndi tinsapato. Kamodzi kankalowa zala zanga ziwiri zokha. Nditamaliza ndinayamba kajuzi, kotsegula kutsogolo. Ndinkaluka kukhoma kuja nkhunda zikuyendayenda pamapazi anga, ndipo kunena zoona ndi pamenepo pamene ndinayamba kumuganizira mwanayo ngati munthu. Poyamba anali chabe chinthu chimene chinandichotsetsa sukulu. Koma ukamayeza dzanja la kajuzi, umayamba kufunsa kuti kodi kamkono kake kadzafika apa? Ndinkamulankhula. Ndinkamuuza kuti iwe, wandionongera zambiri, koma chisanu cha kuno sichikupha. Tsiku lina masana ndinamva kanthu kakugwedezeka m'munsi mwa mchombo, mopepuka, ngati kansomba. Ndinaika masipoko pansi n'kudikira. Sikanabwerezenso, koma ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Kenako kunabwera azakhali, alongo awo a bambo, ochokera ku Champiti. Amayi anawaitanitsa kuti adzandilange, poti mimba yoyamba ili ndi malamulo ake. Azakhali ndi munthu woti akalowa m'nyumba amayamba ayang'ana kudenga kuti apeze cholakwika. Anandikhazika pamphasa n'kuyamba. Usadye mazira, mwana adzabadwa wadazi. Usaime pakhomo, adzaima panjira tsiku lobadwa. Ukayamba ulendo usabwerere pakati. Usaseke wolumala. Ndinkangoti eya, eya, maso ali panja. Ndiye anaona dengu langa.

"Ichi n'chiyani?"

"Kajuzi."

"Ka ndani?"

"Ka amene mukundilangira."

Azakhali anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kutembenukira kwa amayi. "Mlamu, inu muli pompano mwana akuchita zimenezi? Wapakati samanga mfundo. Ngakhale mpango samanga zolimba. Tsono onani apa, mfundo pamwamba pa mfundo, zosawerengeka. Mukufuna mwana adzadzikulunge chingwe m'khosi? Mukufuna adzamangike osatuluka? Komanso anayamba liti anthu kusokera munthu amene sanamuone nkhope?"

"Si mfundo zimenezo, azakhali," ndinatero. "Mukakoka zimamasuka zokha."

"Wamva? Sukulu inam'kana koma kukamwa inam'siyira."

Analamula kuti ndiphwasule. Ndinati ndamva. Atachoka ndinakulunga zonse m'kansalu, n'kuika m'chitini, n'kubisa pansi pa khola la nkhunda. Ndinkaluka Lachitatu lokha, amayi akapita kunyimbo, ndi tsiku limene apita kumsika. Ndinkaona ngati ndachenjera. Koma nyumba ya anthu awiri ilibe pobisa chinthu.

Amayi anga si munthu wankhanza. Ndi munthu wamantha. Anabereka ana asanu, wamoyo ndine ndekha. Munthu wotere ukamuuza kuti mwana angafe chifukwa cha tsache, amataya tsachelo osafunsa. Masabata awiri anapirira. Ankandiyang'ana pamimba, n'kuyang'ana kukhola la nkhunda.

Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinawapeza atakhala pakhoma panga paja. Chitini chinali chotsegula. Tinsapato anali atatiphwasula kale. Kajuzi kanatsala kachidutswa ngati chikhatho, ndipo ankakoka ulusi mofulumira, ukuunjikana pamiyendo pawo.

Ndinatula ndowa moti madzi theka anatayika.

"Mukutani?"

"Ndikumumasula mwana."

"Anakuuzani kuti wamangika?"

"Iwe, ine ndinaika ana anayi m'manda. Sindikufuna kuika wako. Akabadwa udzaluka mpaka utatopa, ulusi sukuthawa."

Ndinawalanda ulusiwo n'kuuponya padenga la khola. Masiku atatu sindinawalankhule. Ankandiikira mandimu pamphasa, ine osawakhudza.

Tsiku lachinayi ndinadzuka mutu ukuwawa, thupi likutentha, mano akugundana. Ndinati ndi chisanu. Tsiku lotsatira m'mawa msana unayamba kupweteka ngati wina akuupotokola, ndipo nditaimirira ndinaona magazi. Amayi anathamanga kukapempha ngolo kwa aneba. Ng'ombe zinkayenda ngati zikupita kudambo. Amayi anandigoneka pamiyendo pawo njira yonse, akupemphera chapansipansi. Tisanafike kuchipatala zonse zinali zitatha.

Anamwino anandisambitsa, anandibaya jakisoni, n'kunena kuti anali malungo. Anati malungo akamugwira wapakati amachita zimenezi kawirikawiri, ndipo palibe chimene ndinalakwa. Ananena momveka bwino, ine ndinamva. Amayi anali panja nthawi imeneyo, sanamve.

Kwathu mimba ikapita padera salira maliro. Amayi akuluakulu amakakwirira okha mwakachetechete, ndipo iwe amakuuza kuti usagwetse misozi, ungatseke njira ya ena obwera. Sindinalire. Ndinagona pamphasa kuyang'ana khoma. Azakhali anabweranso, n'kukhala pakhomo ndi amayi, akulankhula mokweza kuti ndimve.

"Ndinanena ine. Mfundo zija. Ana a masiku ano ukawauza amati ndiwe mbuli."

Ndikanatha kunena zimene ananena anamwino. Zinali pakamwa pomwe. Koma ndinkafuna kuti wina amve kuwawa ngati ine, ndipo azakhali alibe pobaya. Ndinadzuka, n'kuima pakhomo penipeni, poti tsopano panalibe wondiletsa.

"Mwati mfundo zimamanga mwana, eti? Ndiye zinali zitamugwira. Miyezi inayi anali phee m'mimba. Amene anamumasula ndi awa. Anamasula okha ndi manja awo, patangopita masiku iye n'kutuluka."

Amayi sanandiyang'ane. Anayang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku.

Ine sindinakhulupirire mawu amenewo ngakhale pamene ndinkawanena. Ndinangotenga ndodo ya azakhali n'kuitembenuza. Sindinaganize kuti igwera ndani.

Amayi anakhulupirira. Anasiya kudya bwino. Lachitatu linadutsa kawiri osapita kunyimbo, mpaka amayi apampando anabwera kudzawaopseza kuti awanenera kwa akuluakulu a chipani. Anapita, koma anthu ankati ankangoima kumbuyo, milomo yokha ikugwedezeka. Kunyumba ankandiphikira phala, kunditenthetsera madzi, kundichapira, zonse osandiyang'ana m'maso, ngati wantchito amene waswa mbale ya bwana. Ine ndinkaona, koma kupepesa sindinazolowere. Ndinkati ziwatha zokha.

Patapita mwina mwezi, ndikuchokera kudimba masana, ndinamva nkhunda zikukupiza mapiko kuseri. Nditazungulira ndinapeza amayi pakhoma paja. Anali atatsitsa ulusi uja padenga la khola, wotuwa ndi fumbi ndi zitosi, n'kuutsuka. M'manja anali ndi masipoko anga. Amayi sadziwa kuluka. Anawagwira ngati mipini, akukulunga ulusi, ukuvuka, akukulunganso. Chimene chinkatuluka chinali chimulu cha mfundo zenizeni, zolimba, zosamasuka.

"Mukutani, amayi?"

Anadzidzimuka, n'kufuna kubisa pansi pa nsalu. Kenako anangosiya.

"Ndimati ndibwezeretse mmene kanalili."

"Kuti avale ndani?"

Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinawauza kuti anali malungo, kuti anamwino ananena choncho, kuti zija ndinangolankhula ndi mkwiyo. Anagwedeza mutu ngati akuvomera.

"Anamwino amanena malungo pa chilichonse," anatero. "Iwe unanena zoona. Ndikanangokusiya."

Ndinabwereza. Ndinalumbira. Ndinati tiyeni tipite limodzi mukafunse nokha. Anangoti, "Ndionetse mmene umayambira."

Ndiye ndinawaonetsa. Ndinadula chimulu cha mfundo chija n'kutaya, ndinawagwira zala n'kuziika pamasipoko. Zala zawo n'zolimba ndi khasu, sizipindika msanga, ndipo ine kuphunzitsa munthu sindikutha. Ndinawakalipira kangapo. Iwo ankangoti, "Pepa, ndiyambirenso." Tinkakhala pamenepo masana aliwonse mpaka mphepo itayamba, nkhunda zikutola mapira pakati pathu. Sitinkalankhula zambiri. Ndinalira kamodzi, mwadzidzidzi, tili pakati pa mzere. Sanandiletse, ngakhale mwambo umaletsa. Anangodikira nditamaliza, n'kufunsa ngati apa alowetse kutsogolo kapena kumbuyo.

Kajuziko anakamaliza mvula yoyamba itagwa. N'koipa. Dzanja limodzi n'lalitali kuposa linzake, khosi n'lothina moti mutu wa mwana sungadutse, ndipo pamsana pali mabowo atatu. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'bokosi, pamalo pomwe pankakhala juzi ya sukulu.

Za malungo ndawauza kambirimbiri. Amavomera, n'kupitiriza zimene akuchita. Chaka chatha mwana wa aneba anali woyembekezera, ndipo mayi ake anabwera kudzapempha amayi kuti akathandize kumulanga. Amayi anakana. Anati iwo manja awo si abwino pa ana a eni.