Wotchi Imene Ndinaipukuta ku Garsfontein

Ndinalembedwa ntchito ya m'galadeni, osati ya ndege. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kumudzi mpaka lero kuli abale amene amafalitsa kuti ku Joni ndinali injiniya. Ntchito yanga ku Garsfontein, mumzinda wa Pretoria, inali kutchetcha kapinga, kusesa masamba ndi kutsuka dziwe losambiramo, ndipo mkazi wanga ankagwira ya m'nyumba pakhomo pomwepo. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Anzathu a ku Sunnyside, amene ankagawana chipinda chimodzi mabanja atatu, makatani ali pakati, ankati ife tinatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Sankanama. Ana athu awiri anali pasukulu kwathu ku Mitundu, ndipo sukulu yawoyo inkadalira ntchito ziwirizi.

Abwana anali mzungu wachibunu wokalamba, amene anakonza ndege moyo wawo wonse mpaka maso atayamba kuchita khungu. Atapuma pantchito analephera kukhala pansi. Anadzaza galaja ndi zipangizo zakale za ndege: mawailesi, mahedifoni, timatayala, ndi timawotchi tija timakhala patsogolo pa woyendetsa. Galimoto inkagona panja, ndipo madamu ankadandaula za zimenezi tsiku ndi tsiku. Katunduyu ankamugula ndi kumugulitsa pa okushoni ya pa intaneti. Zinali zaka zoyambirira za m'ma 2000, kompyuta ikamalowa pa intaneti inkalira ngati nkhuku ya chitopa, ndipo foni ya m'nyumba inkatsekeka mpaka iwo atamaliza.

Okushoni imene ine ndinkaidziwa inali ya fodya, kumene wogula amayenda pamzere wa mabelo, kupisamo dzanja ndi kununkhiza tsamba. Komanso ndisanabwere ku Joni ndinagulitsapo njinga zakale ndi amalume anga pamsika wa Mitundu, ndipo phunziro lawo linali limodzi lokha: malonda ndi m'maso. Njinga ukaigula kwa munthu umaitsuka ndi palafini, kuchotsa tizingwe ndi timapepala tonse timene mwini wake anamangirira, kenako kuipukuta mpaka wogula adzione nkhope pa belu. Ndiye malonda a abwanawa ankandiseketsa. Munthu ali kutali, chinthu sanachikhudze, wangoona chithunzi chachimbuuzi, koma n'kumalimbirana mtengo ndi anzake osawadziwa mpaka nthawi ya okushoni itatha. Ndinkangoti azungu ndalama zimawayabwa.

Pang'ono ndi pang'ono ndinalowerera m'galajamo. Manja a abwana ankanjenjemera, choncho ndinkawagwirira zinthu akamajambula, kulongedza m'makatoni zimene zagulidwa, ndi kupita nazo ku positi. Ntchito imeneyi ndinkaikonda kuposa kapinga. Chimene chinkandinyansa chinali uve wa katunduyo. Chilichonse chinali ndi fumbi ndi girisi, ndipo pa chilichonse pankalendewera katikiti ka pepala lolimba, kena kachikasu kena kofiira, kothimbirira, kolembedwa ndi dzanja loipa. Ine ndinkayesa ndi mitengo yakale ya kumene anazigula, ndipo sindinafunse.

Lachinayi lina abwana anapita kwa dokotala wa maso. Pa benchi anasiya mawotchi awiri ofanana ngati mapasa, aja amauza woyendetsa kuti ndege yakwera bwanji. Imodzi inali itagulidwa kale, ndipo anandiuza kuti mawa lake ndilongedze ya tikiti yachikasu. Atangochoka, mtima wa amalume unandigwira. Ndinati katundu wa abwana anga sangapite kwa kasitomala ngati wotoledwa kudzala. Ndinamasula matikiti onse awiri, ndinawaika pambali, n'kuyamba kupukuta ndi nsalu yofewa ya madamu. Ndili mkati, madamu analiza hutala pa geti. Ndinathamanga kukatsegula, chitseko cha galaja ndinachisiya chosatseka, ndipo mphepo ya Ogasiti ya ku Pretoria inachita zake. Pobwera ndinapeza matikiti ali pansi. Ndinawatola, ndinayang'ana wotchi iyi ndi iyo, n'kumangirira mmene mtima unandiuzira. Mapasa ndi mapasa, ndinatero, wogulayo alandira wotchi basi.

Lachisanu m'mawa abwana anasuzumira m'katoni. Maso awo anali akadali ndi mankhwala a dokotala, choncho anangoona chikasu cha tikiti n'kugwedeza mutu. Ndinamata katoniyo ndi kukaitumiza pa positi yachangu. Pobwerera ndinkayimba mluzu, ndikudzitama ndekha.

Loweruka masana tinali kumwa khofi pakhomo pa galaja. Abwana anali okondwa, ndipo akakondwa ankakonda kuphunzitsa. Ananyamula wotchi yotsala ija.

"Ukudziwa chifukwa chake iyi ili ndi tikiti yofiira?" anandifunsa m'Chingelezi chawo chosakaniza ndi Chibunu. "Ndi yabodza. Imauza munthu kuti ali pamwamba pomwe ali pafupi ndi nthaka. Kunja kukayera palibe vuto, amaona yekha. Koma akalowa mumtambo, maso ake ndi wotchiyi. Zofiira amagula ndi anthu okongoletsera malo omwera mowa. Yachikasu ndi imene inayesedwa n'kupezeka kuti imanena zoona."

Kenako anandiuza za wogula uja. Anali munthu wa kandege kakang'ono, wokhala kufupi ndi malire a Lesotho, amene ankanyamula manesi ndi mankhwala kupita nawo ku zipatala za m'mapiri, kumene mitambo imagona pamwamba pa midzi.

Ndinaika kapu ya khofi pansi. Ndinayankha kuti, "Ja, baas," ndikumwetulira ngati chitsiru, n'kupita kukathirira maluwa amene ndinali nditathirira kale m'mawa. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndikaulula, ntchito ziwiri ndi kachipinda zipita, ana abwerere kunyumba. Ndikakhala chete, mwina ndinamangirira bwino ndipo palibe adzadziwe. Koma mwina ayi, ndipo anthu osalakwa adzawomba phiri chifukwa cha ukhondo wanga.

Lamulungu tinapita kutchalitchi ku Sunnyside, m'kaholo kamene Amalawi tinkachita lendi. Ndinali wa kwaya, koma tsiku limenelo ndinkangoyendetsa milomo. Pobwera, titatsika takisi, tinayenda wapansi m'misewu ija ya mipanda yamagetsi, agalu akutiuwa geti ndi geti.

"Abambo, mwadwala kapena mwachimwa?" mkazi wanga anandifunsa. "Lero simunayimbe, dzulo munathirira maluwa kawiri."

Ndinamufotokozera zonse. Anaima pakati pa njira n'kutula chikwama chake pansi.

"Eish. Ndiye mwaganiza zotani?"

Maganizo ndinali nawo, ndipo ndinkawaona anzeru. Kwathu munthu akalakwira wamkulu sapita yekha ngati wopanda abale. Amapeza munthu womuyankhulira, amanyamula nkhuku, n'kudikira tsiku loyenera. Ku mpingo kwathu kunali achimwene ena obadwira ku Joni konko, ogwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Rosslyn, odziwa Chibunu ngati madzi, ndipo ndi iwo amene anatipezera ntchitoyi. Vuto linali lakuti anali pa shifiti sabata yonse. Akanatha kubwera Loweruka.

"Loweruka?" anatero mkazi wanga. "Mara inu abambo, ndegeyo idikira nkhuku yanuyo? Positi ya kuno si ya kwathu. Katoniyo mwina inafika kale dzulo."

"Akatichotsa tilowera kuti, amayi? Ku Sunnyside kuseri kwa katani? Nanga ana?"

"Kuseri kwa katani anthu amagona tulo. M'chipinda chathucho, ndege ikagwa, simudzagonanso. Ngati mukufuna nkhoswe, nkhoswe ndine. Tiyeni."

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona. Ndinayamba kumuphunzitsa za ulemu ndi mwambo, ndinati mkazi sakhala nkhoswe ya mwamuna wake. Iye anangonyamula chikwama n'kumapita, ine n'kumatsatira pambuyo ndikuyankhulabe ndekha.

Pakhomopo panali lamulo lakuti Lamulungu masana sitigogoda, chifukwa abwana akadya ankagona. Tinagogoda chitseko cha kukhitchini tili ndi zovala zathu za kutchalitchi. Madamu anatsegula, abwana n'kutulukira ali ndi kabudula ndi masokosi okha, tsitsi lili nyankhalala. Mkazi wanga anagwada pa matailosi n'kuyamba ntchito yake ya unkhoswe m'Chingelezi chake cha kukhitchini. Anati tabwera ndi mawu, anati munthu ndi munthu, amalakwa, anati abwana ali ngati bambo athu kuno kuchilendo. Azungu aja anayang'anana. Madamu anagwira pachifuwa n'kufunsa kuti wamwalira ndani kumudzi. Apo mkazi wanga anandigunda ndi chigongono pabondo, ndipo ndinanena mosazungulira: ndinamasula matikiti, mphepo inawagwetsa, ndinamangirira mongoganizira.

Abwana sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anatuluka ndi masokosi omwewo mpaka m'galaja, ife pambuyo. Anatembenuza wotchi yotsala ija. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kokhomedwa nambala, kamene ndinakapukuta ndi manja angawa osakalabadira. Anayesa kuwerenga ndi galasi lokulitsira zilembo, analephera, n'kundipatsa.

"Werenga ya pachitsulo. Kenako ya patikiti."

Ndinawerenga imodziimodzi. Zoyambirira zinkafanana ndipo mtima unayamba kubwerera. Ziwiri zomaliza zinasiyana. Wotchi yabwino ndi imene inali m'manja mwanga, yabodza ija inali itapita ndi tikiti yachikasu.

Nambala ya foni ya wogulayo inali mu uthenga wa pa intaneti. Tinaimirira kumbuyo kwa abwana kompyuta ikulira kulira kwake kuja, tsamba likutseguka pang'onopang'ono ngati likuchita dala. Atailemba papepala anatseka intaneti kuti foni igwire. Anaimba, palibe woyankha. Anaimbanso, chimodzimodzi. Madamu anatikokera mipando koma palibe anakhala. Ndinkamva mkazi wanga akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Cha m'ma folo koloko, ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, munthu ananyamula.

Chibunu sindinkachimva kwenikweni, choncho ndinkawerenga nkhope ya abwana. Anayankhula mofulumira, anakhala chete kumvetsera, kenako anatseka maso n'kutulutsa mpweya wautali. Ataika foni pansi anatiuza. Katoni inafikadi Loweruka. Wogulayo sankayankha chifukwa anali ku ndege yake, sikuludiraiva ili m'manja. Mwa masiku onse wotchi yogula pa okushoni ankayamba waitumiza kokaiyesa, koma iyi inkawala kwambiri moti ankaona ngati yangotuluka kumene kwa okonza, ndipo anaganiza zongoimanga popeza Lachiwiri anali ndi ulendo wa kumapiri. Anali atatsala ndi masikuluwu awiri.

Ndinakhala pansi pomwepo pa kapeti ya madamu, ndi suti yanga ya kutchalitchi. Mkazi wanga anati, "Ambuye ngwabwino," n'kuyamba kuseka ndi misozi. Za ntchito sindinkaziganiziranso. Mtima wanga unakhala pansi, ndinamva kupepuka thupi lonse, ndipo nthawi yomweyo ndinamva njala, chifukwa kuyambira dzulo lake sindinadye.

"Mawa seveni koloko, m'galaja," anatero abwana, osandiyang'ana.

Tinakonzeka kuti atichotsa. Mkazi wanga anatsitsa ngakhale zikwama pamwamba pa wadiropu. Lolemba m'mawa ndinawapeza abwana atakhala pa benchi, makapu a khofi ali awiri.

"Olakwa tilipo awiri," anatero. "Iwe unamasula chimene sunkachidziwa. Ine ndinatumiza katundu osawerenga nambala, chifukwa sindikufuna kuvomera kuti maso anga atha. Kuyambira lero katoni sitsekedwa usanandiwerengere nambala zonse ziwiri mokweza. Ndipo muno m'galaja supukuta chilichonse. Ukafuna kupukuta, galimoto ili panjapo."

Safunsa anadya phula, ndipo langa ndinalidya ndili bambo wa ana awiri. Kuchokera tsiku limenelo ndinkafunsa mpaka abwana kutopa nane. Achimwene a ku Rosslyn anabweradi Loweruka, atavala jekete, okonzeka kundiyankhulira. Anapeza mlandu utatha kale. Nkhuku ija tinagulabe, ndipo anaidya iwowo akundiseka, mkazi wanga akuwathandiza.

Wotchi yabwino tinaitumiza ndi tikiti yake yothimbirira. Patapita masabata awiri yabodza ija inabwerera m'katoni yomwe ndinamata ndekha. Pamwamba pake wogulayo anaikapo chithunzi: kandege koyera kataima pa udzu, phiri lili kumbuyo, ndi manesi awiri atafunda mabulangete, wina wachikulire wonenepa akuseka, wina wamng'ono atanyamula bokosi la mankhwala. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Wamng'onoyo anali ndi mpata m'mano ngati mlongo wanga.

Abwana anatulutsa wotchiyo, anaiika pa simenti, n'kundipatsa hamala. Anati imeneyi sikongoletsa malo omwera mowa a munthu aliyense. Ndinagwada. Galasi lake linali likuwalabe, ndipo ndinadziona nkhope momwemo bwinobwino, monga mmene amalume ankafunira. Ndinamenya katatu.

Chithunzi chija mkazi wanga anachipempha, n'kuchimata pakhoma la kachipinda kathu, pambali pa cha ana.