Mkono wa Achimwene Wopindika Posayenera

Achimwene anga aakulu ankacheka matabwa m'phiri la Zomba. Tsiku lina mvula itangokata, anaterereka atasenza chipika cha paini, chipikacho n'kuwagwera pamkono, pakati pa phewa ndi chigongono. Kuchipatala anawaika chikhakha, ndipo anabwera kudzakhala kwathu ku Sadzi kuti ndiziwathandiza.

Chikhakha chija anachotsa, anaikanso china, nachonso anachotsa. Miyezi inkangopita, fupa osagwirana. Chinkandidabwitsa n'chakuti ululu unachepa, koma akati akweze mkono, unkapindika pakatikati pomwe palibe mfundo. Ine mantha ndinalibe. Ndinkapempha kugwirapo, ndipo pansi pa khungu ndinkamva nsonga ziwiri zikusemphana.

"Achemwali, mwaukondatu mkono wangawu," ankatero akuseka. "Ndikupatseni?"

Kenako achipatala anatitumiza ku Blantyre kwa dokotala wa mafupa, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga. Anakweza chithunzi cha mafupawo pawindo kuti tione. Nsonga zija zinali zitasalala ngati miyala ya mumtsinje wa Mulunguzi. Anati fupa linasiya kalekale kuyesa kulumikizana, mbali iliyonse inangodzipolera payokha.

"Ndiye mumata ndi chiyani, adokotala?" ndinafunsa.

"Sitimata ayi. Tipala nsongazi mpaka zituluke magazi, thupi lione ngati fupa lathyoka lero. Tikatero titapako kafupa m'chiuno mwawo, tiike pampatapa, n'kumanga ndi chitsulo ndi masikuluwu."

Achimwene anagwira chiuno chawo. "Nanga fupa la m'chiuno likadziwa bwanji kuti tsopano ndi mkono?"

Adokotala anaseka. Anati fupa ndi lamoyo, limasintha potengera ntchito yomwe likugwira. Koma anawauza kuti fodya asiyiretu, chifukwa amachedwetsa fupa kugwirana. Zimenezi zinawadandaulitsa kuposa mpeni.

Atachoka ku opaleshoni, za mkono sankazitchula n'komwe. Dandaulo lonse linali chiuno. Ankayenda motsimphina pabwalo, akung'ung'udza kuti anapita ndi bala limodzi, abwerako ndi awiri. Chibaba cha fodya chikawagwira ankatafuna nzimbe zomwe amuna anga ankawagulira ku Songani, moti makoko ankangoti mbwee pakhonde.

Ulendo uliwonse wokaonetsa mkono ndinkapita nawo, makamaka pofuna kuona chithunzi. Poyamba mpata unkaonekabe wakuda pansi pa chitsulo. Kenako panayamba kuoneka kamtambo koyera, ulendo wotsatira kakula, mpaka tsiku lina adokotala anandiuza kuti ndiloze pomwe panathyoka. Ndinaloza polakwika.

Kuphiri sanabwerereko. Pano amakhoma zitseko ndi mipando m'tauni, chitsulo chikadali momwemo. Mkono umagwira ntchito bwinobwino, kungoti sufika pamwamba kwenikweni. M'mwezi wa Juni chifunga chikatsika m'phiri, amati chitsulocho chimazizira, amachimva. Ine ndimakaikira, poti chili mkati mwa thupi lofunda. Ndinaiwala kuwafunsa adokotala aja.